MAI AUDREY HEPBURN, NKHOSWE YA ANA A M'MAIKO OSAUKA

Pa tsiku la sikelo, amai a ku Mtunthama ndi midzi yozungulira amalawirira m'mamawa, ana ali kumbuyo, timabuku ta kuchipatala tili m'manja, kuti anawo akayezedwe ndi kulandira katemera. Mwa amai amenewa ndi owerengeka okha amene adamvapo dzina la Audrey Hepburn, ndipo palibe angawadzudzule, pakuti mai ameneyu adali mzungu wa masewero a kanema, wokhala kutali ku Ulaya, ndipo zapita zaka zoposa 30 chimwalirire. Komabe mbiri yake iyenera kudziwika kuno, chifukwa ntchito imene adatsirizira nayo moyo wake ndi yomweyo imene imasonkhanitsa amaiwo pakhonde la chipatala kapena patsinde pa mtengo.

Khanda limene lidatsala pang'ono kufa

Audrey adabadwa pa 4 Meyi 1929 mu mzinda wa Brussels, m'dziko la Belgium. Atate ake, a Joseph Ruston, adali nzika ya ku Mangalande, ndipo amai ake, a Ella van Heemstra, adali a m'banja lina lolemekezeka la ku Holland.

Ali ndi masabata 6 okha, khandalo lidagwidwa ndi chifuwa chokoka mtima. Amai ake, amene pa nthawiyo ankatsata chiphunzitso chonena kuti pemphero lokha ndilo lichiritsa, sadaitane dokotala. Tsiku lina mwana adatsokomola mpaka kuleka kupuma, ndipo amai ake adachita kumpanda mapi pambuyo kuti atsitsimuke. Nkhaniyi adaisimba Sean, mwana wa Audrey, m'buku lonena za amai ake. Tsono awerengi azindikire kuti masabata 6 ndi msinkhu womwewo umene khanda la kuno limalandira jekeseni yoyamba yoliteteza ku chifuwa chomwecho. Mu 1929 katemera ameneyo adali asanafale m'zipatala.

Ali ndi zaka 6, atate ake adachoka pakhomo osabwereranso, ndipo bala limeneli lidamkhalira mumtima moyo wake wonse. Adatumizidwa ku sukulu ku Mangalande. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, amai ake adamtenga napita naye ku Arnhem, ku Holland, poganiza kuti nkhondo idzalambalala dziko limenelo monga idachitira nkhondo yoyamba ija. Zinthu sizidatero. M'mwezi wa Meyi 1940 asilikali a Jeremani adalowa nalanda dziko lonse, nalilamulira zaka 5.

Njala ya ku Holland

Zimene mtsikanayo adaona pa zaka zimenezo nzosayenera maso a mwana. Mu 1942 mwamuna wa amai ake aakulu, Otto van Limburg Stirum, adaomberedwa ndi Ajeremani pamodzi ndi anzake, pobwezera mlandu umene iwo sadapalamule. Mlongo wake wina, wa bere limodzi, adatengedwa kukagwira ntchito ya kalavulagaga ku Berlin. Iye mwini adaona Ayuda, akulu ndi ana omwe, akukwezedwa m'sitima zapamtunda kupita kumene ambiri sadabwerereko.

Kumapeto kwa 1944 kudadza chinthu china choopsa. Ajeremani adatseka njira za chakudya pa nyengo ya chisanu chachikulu, ndipo anthu pafupifupi 20,000 adafa ndi njala ndi kuzizira. Banja la Audrey, limene pa nthawiyo linkakhala m'kamudzi ka Velp, lidayamba kusinja mitsitsi yonga anyezi ya maluwa otchedwa tulip kuti lipeze ufa. Anthu a ku Kasungu amene akumbukira chaka cha 2002, pamene mabanja ankadya gaga ndi zitsinde za nthochi, safunika kuwafotokozera kuti njala yotere imamchita bwanji munthu.

Pamene dera lao lidaomboledwa mu Epulo 1945, Audrey adali pafupi kukwanitsa zaka 16. Miyendo yake idali yotupa, magazi adali ochepa m'thupi, ndipo ankapuma movutikira. Pamenepo padafika anthu achilendo a bungwe lothandiza ovutika ndi nkhondo lotchedwa UNRRA, atasenza chakudya, mabulangete, zovala ndi mankhwala. Bungwe limeneli litatsiriza ntchito yake, gawo la chuma chake lidaperekedwa ku bungwe latsopano losamala ana, la UNICEF, limene lidakhazikitsidwa pa 11 Disembala 1946. Ngongole ya chakudya chimene chidampulumutsa, Audrey sadaiiwale konse.

Zaka za kutchuka

Chimene mtima wake unkafuna chidali kuvina gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet. Mu 1948 adapita ku London kukaphunzira kwa Marie Rambert, mphunzitsi womveka. Koma adauzidwa mosabisa kuti, kaamba ka kutalika kwake ndi kufooka kumene njala idamsiyira, sadzakhala mtsogoleri wa gule ameneyo. Chotero adayamba kuvina ndi kuimba m'magulu a masewero kuti apeze ya sopo ndi chakudya. Mwai udamgwera mu 1951, pamene adasankhidwa kukachita sewero la Gigi ku New York. Mu 1953 adaoneka m'kanema wotchedwa Roman Holiday, ngati mwana wamkazi wa mfumu, ndipo chaka chotsatira adalandira mphotho ya Oscar, imene ili yaikulu koposa pa masewero a kanema, ali ndi zaka 24. Kuyambira pamenepo nkhope yake idadziwika m'mizinda ya dziko lonse lapansi.

Mwa masewero ake onse, limodzi lidamfikitsa ku Africa. Mu 1958 adapita ku Congo, ku mzinda wa Stanleyville umene lero utchedwa Kisangani, kukajambula kanema wa The Nun's Story, wonena za sisitere wa ku Belgium wogwira ntchito ya unamwino, amene potsiriza adatuluka m'chipani chake. Ngakhale Audrey sadali Mkatolika, adakonzekera ntchitoyo mwaulemu: adakhala pakati pa masisitere kuti aphunzire makhalidwe ao, ndipo ku Congo adacheza ndi odwala khate pa chipatala cha amishoni. Uku kudali kuyamba kwake kuona odwala a ku Africa ndi anthu odzipereka powasamala.

Pa za banja sadapeze mtendere wokhalitsa. Ukwati wake wa mu 1954 ndi Mel Ferrer udatha, ndipo wa mu 1969 ndi Andrea Dotti, dokotala wa ku Italy, udathanso. Adapita padera kangapo, chotero ana ake awiri, Sean wobadwa mu 1960 ndi Luca wobadwa mu 1970, adali ngati mboni ya diso lake. Itapita 1967 adachepetsa kwambiri masewero kuti alere anawo. Nyumba yake idali m'mudzi wa Tolochenaz ku Switzerland, kumene ankakonda kulima dimba lake. Akadafuna, akadakalambira komweko mwa ufulu.

Nkhondo yolimbana ndi matenda 6

Tsono kuti ntchito yake yotsiriza imveke bwino, nkofunika kuyamba taona m'mene zinthu zidaliri. Katemera ndi kachirombo ka nthenda kofooketsedwa kapena kophedwa, kapenanso kachidutswa chabe ka iko, kamene kamalowetsedwa m'thupi kuti thupi liphunzire kumenyana ndi nthendayo isanafike. Ndi njira imeneyi nthomba idagonjetsedwa: munthu wotsiriza kuitenga kwa mnzake m'mudzi adapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 kudalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse. Achikulire ambiri a kuno akali ndi chipsera cha katemera wake pamkono.

Koma matenda ena 6 adali akupululabe ana: chikuku, chifuwa chokoka mtima, kafumbata, poliyo, chifuwa chachikulu, ndi nthenda yotupitsa kummero yotchedwa diphtheria. Katemera wa matenda onsewa adalipo, ndipo sadali wokwera mtengo. Komabe mu 1974, pamene bungwe la za umoyo la WHO lidayamba ntchito yomufalitsa, ana olandira m'maiko osauka sankafika ngakhale 5 mwa ana 100 alionse. Zopinga zidali zambiri. Katemera amaonongeka akatenthedwa, chotero amafuna firiji ndi mabokosi ozizira kuchokera ku fakitale mpaka kumudzi. Ena mwa iwo sakwanira kamodzi, mwana ayenera kubwerera kachiwiri ndi kachitatu. Ndipo mai akaona mwana watentha thupi usiku wa jekeseni yoyamba, kawirikawiri ankaopa kubwereranso.

Mu 1980 James Grant, wa ku Amereka, adakhala mkulu wa UNICEF. Iye adaona kuti madokotala ndi anamwino okha sangathe ntchitoyi, koma pafunika aliyense amene mau ake amamveka. Ku Colombia mu 1984 mtsogoleri wa dziko, Belisario Betancur, adadonthezera yekha katemera m'kamwa mwa mwana anthu akuonera pa wailesi ya kanema, ndipo ansembe adalimbikitsa makolo m'matchalitchi. Ku Turkey mu 1985 aphunzitsi, mafumu a m'midzi ndi mashehe m'mizikiti adaitana anthu, katemera akusungidwa ngakhale m'nyumba zozizira zosungiramo nsomba, ndipo ana oposa 4 miliyoni adalandira. Ku El Salvador, kumene kudali nkhondo yapachiweniweni, Ambuye Arkiepiskopi Arturo Rivera y Damas, amene adalowa m'malo mwa Oscar Romero Woyera, adakhala pakati pa boma ndi oukira. Ndipo mu 1985 mbali zonse ziwiri zidatula pansi mfuti masiku atatu a Lamulungu kuti ana atemeredwe. Masiku a bata amenewa adabwerezedwa chaka ndi chaka mpaka nkhondo idatha.

Zonsezi zinkafuna ndalama, ndipo UNICEF imayendera zopereka zaufulu za maboma ndi za anthu wamba. Nchifukwa chake bungweli lidayamba kale kupempha anthu otchuka kuti akhale akazembe ake. Woyamba adali Danny Kaye, katswiri wa nthabwala wa ku Amereka, amene adayamba mu 1954 nagwira ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1987.

Maulendo ake

Audrey adavomera ukazembe umenewu mu 1988, ali ndi zaka 58, pa malipiro a dola imodzi pa chaka. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho adapita ku Ethiopia, kumene chilala ndi nkhondo zidagwirizana pozunza anthu, nakafika ku nyumba ya ana amasiye ku Mekele. Atabwerako adayenda masabata angapo ku Amereka, ku Canada ndi ku Ulaya akusimba zimene adaona, nthawi zina kuyankha olemba nyuzi ka 15 pa tsiku limodzi. Chodabwitsa nchakuti mai ameneyu, ngakhale adazolowera makina ojambulira, adali wamanyazi, ndipo kulankhula pa gulu kunkamuopsa kwambiri. Mau ake ankalemba yekha, atawerenga bwino za dziko limene akupitako.

Chaka chomwecho adapita ku Turkey kukalimbikitsa ntchito ya katemera, ndipo adasangalala kwambiri poona m'mene asilikali adaperekera magalimoto ao ndi ogulitsa nsomba ngolo zao kuti katemera afike kumidzi. Adafikanso ku Venezuela ndi ku Ecuador. Mu 1989 adayendera Guatemala, Honduras ndi El Salvador, kenaka Sudan pa nthawi ya nkhondo, ndiponso Bangladesh. Mu 1990 adali ku Vietnam, kumene UNICEF inkathandiza boma pa katemera ndi madzi abwino. Pa maulendo amenewa ankamperekeza Robert Wolders, amene adakhala naye zaka zake zotsiriza. Adakalankhulanso pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Amereka, kupempha kuti thandizo la ana lisachepe.

Apa nkoyenera kunena zoona zake, osaonjeza. Audrey sadali dokotala, sadapange katemera, ndipo ana mamiliyoni amene adatetezedwa adabayidwa ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene maina ao sadalembedwe m'nyuzi iliyonse. Chimene iye adali nacho chidali chimodzi: kumene ankapita, ojambula zithunzi ankamtsatira. Tsono iye ankapita dala kumene ojambulawo sakadapita okha, nanyamula mwana wodwala, kuti wofuna kuona nkhope ya Audrey aonenso nkhope ya mwanayo. Anthu a m'maiko olemera akaona, ankapereka. Atsogoleri a maiko akamva kuti akubwera, ankakumbukira malonjezo ao. Kutchuka kumene ena amakusunga ngati chuma cha iwo okha, iye adakugwiritsa ntchito ngati belu loitanira anthu.

Ndipo ntchito ya anthu ambiri chotere idabala zipatso. Mu Sepitembala 1990 atsogoleri a maiko 71 adasonkhana ku New York pa msonkhano wa za ana. Pakutha pa chaka chimenecho WHO ndi UNICEF adawerengera kuti ana 80 mwa 100 alionse m'maiko osauka akulandira katemera, ndi kuti ana pafupifupi 3 miliyoni akupulumuka imfa chaka chilichonse. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti chiwerengero cha olandira chidali chocheperapo pang'ono. Komabe kuchoka pa 5 kufika pamenepo pa zaka 16 ndi chinthu chimene dziko lidali lisanaonepo.

Ulendo wotsiriza

Mu Sepitembala 1992 adapita ku Somalia, nakafika ku Baidoa, kumene njala ndi nkhondo zinkapha anthu tsiku ndi tsiku kotero kuti mitembo inkatoledwa pa lole m'mawa uliwonse. Zimene adaona kumeneko zidamsweka mtima kuposa za m'maulendo ena onse. Atabwerako adayamba kumva kupweteka m'mimba, komabe adapitiriza kusimba za Somalia kwa olemba nyuzi. Mu Novembala madokotala a ku Los Angeles adampanga opaleshoni napeza khansa ya m'matumbo imene idali itafalikira kale. Mu Disembala mtsogoleri wa dziko la Amereka, George Bush, adampatsa mendulo yaulemu kaamba ka ntchito yake ya ana. Adabwerera ku Tolochenaz kukadya Khirisimasi ndi ana ake, ndipo adamwalira komweko pa 20 Januwale 1993, ali ndi zaka 63. Adaikidwa m'manda a m'mudzimo pa 24 Januwale.

Za kuno kwathu

M'dziko la Malawi ntchito yofalitsa katemera wa matenda 6 aja idakhazikitsidwa mu 1979, ndi thandizo la mabungwe omwewo a WHO ndi UNICEF, ndipo zipatala za boma ndi za mishoni zidagwirira pamodzi. Kuyambira pamenepo paonjezedwa akatemera ena: wa chibayo mu 2011, wa kutsekula m'mimba mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma osankhidwa. Mwana amalandira katemera atangobadwa, kenaka pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Zonsezi nzaulere.

Koma matenda amenewa sagona tulo. Mu 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, ndipo oposa 300 adafa; pakati pa ofawo padali ana amene makolo ao adakana mankhwala pa zifukwa za chipembedzo, monga adachitira amai a Audrey mu 1929. Mu Febuluwale 2022 kudalengezedwa kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, nthenda imene idali isanaoneke m'dziko muno kuyambira 1992, ndipo alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana. Pamene ana angapo atsala osatetezedwa, pomwepo nthenda imapeza khomo.

Ku chigawo cha fodya ngati Mtunthama, khomo limeneli silisowa. Pa nyengo yothyola, yosoka ndi yopachika fodya m'zigafa, ndiponso posankha masamba ndi kudinda mabelo opita ku Chinkhoma, mai amaona ngati tsiku la sikelo likumlanda ntchito. Mabanja ogwira ntchito m'maesiteti, ambiri ochokera ku maboma ena, amasamuka nyengo ikatha. Kabuku ka mwana kamatayika pa ulendo, ndipo jekeseni yachiwiri kapena yachitatu imaiwalika. Mwana amene adayamba katemera osatsiriza ali ngati nkhokwe yofoleredwa mbali imodzi.

Kumidzi yotere sikudzafika munthu wa kanema ndi ojambula ake. Komabe mudzi uliwonse uli ndi anthu ake omveka: anyakwawa, aphunzitsi, akapitawo a pa esiteti, amai otsogolera anzao, ndi akatekisiti amene amaima pamaso pa anthu Lamulungu lililonse. Mau ao amafika m'nyumba zimene wailesi sifikamo. Katekisiti amene, potsiriza mapemphero, akumbutsa tsiku ndi malo a sikelo, kapena amene pophunzitsa makolo za ubatizo wa ana afunsanso ngati kabuku ka mwana kali bwino, akuchita ntchito yomweyo imene ansembe a ku Colombia adachita mu 1984. Kapitawo amene amasula amai m'mawa umodzi pa mwezi sataya fodya wambiri. A m'miphakati amene adziwa banja lachilendo limene langofika pa esiteti angathe kuliperekeza kwa mlangizi wa zaumoyo. Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Audrey Hepburn adapulumuka chifuwa chokoka mtima mwa mwai chabe, napulumukanso njala ndi chakudya cha anthu amene sadamdziwe. Pamene adakula nakhala ndi dzina, adapereka dzinalo, pamodzi ndi mphamvu zake zotsala, kwa ana a eni ake, kuti iwo asadalire mwai. Mzimu wake uuse mu mtendere.